Kwa achemwali amene mukusamukira ku Zomba

Mwafunsa kuti akusamutsani pantchito kuchoka ku Lilongwe, muli ndi ana awiri, ndiye mupeze nyumba ya lendi mbali iti ya Zomba. Ine ndakhala kuno zaka 7, ndasamuka katatu.

Anthu akuyankhani mayina a madera okhaokha: Matawale, Chinamwali, Sadzi, Kalimbuka. Mayina ndi abwino, koma ku Zomba chofunika ndi kudziwa kuti mvula ikagwa, madzi a pabwalo panu amachokera kuti, nanga amapita kuti. Tauni yonseyi yakhala patsinde pa phiri, ndipo madzi a m'phirimo amatsikira kuno kudzera m'mitsinje ngati Mulunguzi ndi Likangala. Agogo akuno amakambabe za Napolo wa 1946.

Nyumba yanga yoyamba ndinaiona mu Seputembala. Penti watsopano, pabwalo posesa bwino, mtengo wa mango pakhomo. Ndinalipiratu miyezi itatu tsiku lomwelo, poopa kuti wina anditsogolera. Pofika Januwale khoma la kuchipinda linayamba kuchita thukuta, nsapato zanga zachikopa zinamera nkhungu pansi pa bedi, mwana chifuwa osatha. Alandilodi nditawauza, anangoseka, amvekere muzitsegula mawindo. Ndiye inu mukamakaona nyumba, suzumirani kuseri kwa zitseko ndi m'munsi mwa makoma, muone ngati kuseri kuli ngalande. Funsaninso mayi woyandikana naye nyumba, osati dobadoba, chifukwa dobadobayo akungofuna yake ya m'thumba.

Kumtunda, cha ku Mulunguzi ndi Old Naisi, kuli bata, mitengo ndi nyumba zazikulu, zina za nthawi imene Zomba inali likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Koma kumafuna thumba lolemera komanso galimoto yanu. Wakabaza wa njinga yakapalasa sakwera mtunda umenewo, ndipo wanjinga yamoto amakweza mtengo akangomva dzina la dera. Anyani nawonso amabwera kudzakolola chimanga chanu. Juni ndi Julayi kumazizira zedi, mabulangete a ku Lilongwe aja muonjezere.

Ku Chikanda ndikukanizeni pang'ono. Ndi kufupi ndi yunivesite ya Chanco, ndiye eni nyumba ambiri anasandutsa nyumba zawo kukhala mahositelo, popeza kulipiritsa wophunzira aliyense pabedi kumapindula kuposa banja limodzi. Phokoso la Lachisanu usiku ana anu sagona nalo. Kwa banja ngati lanu, ine ndingayambire ku Matawale kapena Chinamwali, kumene galimoto zopita m'tauni sizivuta ndipo msika uli pafupi.

Pa magetsi ndi madzi, limbikirani mita yanuyanu. Zosonkherana mayunitsi zinandidanitsa ndi mnzanga wina wabwinobwino chifukwa cha mbaula yamagetsi imene ankaibisa kuchipinda. Madzi akuno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndi ozizira komanso okoma, komabe tsegulani mpopi nokha musanapereke ndalama, ndipo onani ngati wotulukayo sanasiye ngongole.

Ngati mungathe, katundu musiye kaye ku Lilongwe, mukhale kwa wachibale kapena mnzanu wakuntchito sabata ziwiri, muziyenda nokha madzulo mukaweruka. Nyumba imene ndikukhala panoyi ndinaimva kwa mayi amene ndimagulako mbatata ya kachewere mumsika waukulu.