Funsani Amisiri: Makompyuta Oyenda Popanda Magetsi

Ndine mphunzitsi wa masamu ku Ngabu. Ndinamva kuti kale kunali zidole zophunzitsira ana mmene kompyuta imawerengera, zosafuna magetsi kapena batire. Kodi tingazipange tokha kusukulu?

Aphunzitsi, munamva zoona. Kampani ya E.S.R. ya ku America inatulutsa Digi-Comp I mu 1963, ya pulasitiki, yomwe imawerenga kuyambira 0 mpaka 7. Kenaka kunabwera Digi-Comp II ndi Dr. Nim, zoyendera timipira togubuduka pamalo otsetsereka. Ife tikukulangizani mtundu wa timipirawu, chifukwa mwana amaona ndi maso ake nambala ikusintha, ndipo kalipentala wa pamsika angakuduleni zonse zofunika.

Pezani thabwa la plywood lotalika masentimita 60, mulifupi 40, timipira tagalasi ta mabulo 20 tofanana kukula, ta mamilimita 16, misomali ing'onoing'ono, mawasha atatu ndi sandipepa. Nkhomo za bawo sizithandiza pano, sizigubuduka mowongoka.

Mtima wa makinawa ndi tizitseko titatu. Kalikonse kadulidwe ngati chilembo T chozondoka: mwendo woloza kumwamba wa masentimita 5, mikono iwiri ya masentimita 3.5 mbali iliyonse. Boolani pomwe mwendo wakumana ndi mikono, bowo likuleko pang'ono kuposa msomali, ndipo pansi pake muike washa kuti kachitseko kasakhule thabwa. Khomani misomali ina iwiri yoimitsira, kuti mwendo uzipendekera kumanzere kapena kumanja madigiri pafupifupi 30 basi. Tizitsekoti mutindandalike kuchoka kumtunda kupita kumunsi, ndipo njira za timipira muzipange ndi timizere tamatabwa, mpata wake mamilimita 19.

Mwendo ukapendekera kumanzere, imeneyo ndi 0. Kampira kakatsika kamagwera mkono wa kumanja, kulemera kwake n'kutembenuza kachitseko kukhala 1, iko n'kutulukira njira ya kumanja n'kukagwera m'mbale. Kampira kachiwiri kamapeza mwendo uli kumanja, kamagwera kumanzere, n'kubweza kachitseko pa 0. Njira ya kumanzereyi muilunjikitse pamwamba pa kachitseko kachiwiri. Apa ndiye pali phunziro lonse: kampira kamene kapitirira kumunsi ndiko "kusunga imodzi" kuja ana amachita powonkhetsa. Kachitseko kapamwamba mtengo wake ndi 1, kapakati 2, kapansi 4. Mukaponya timipira tisanu, kapamwamba ndi kapansi tikhale pa 1, kapakati pa 0. Kampira kachisanu ndi chitatu kamabweza tonse pa 0. Mukawonjezera kachitseko kachinayi mufika pa 15.

Zovuta zimachokera kwambiri pa kapendekedwe ka thabwa. Yambani ndi madigiri 20, kumtunda kutatsamira pa njerwa. Kampira kakamadumpha njira, thabwa laimirira kwambiri kapena mtunda wochoka pa kachitseko kena kufika pa kanzake watalika. Khomani msomali umodzi m'njiramo kuti uchepetse liwiro. Kachitseko kakamatembenuka n'kubwereranso kokha, ndiye kuti mwendo wapepuka kuyerekeza ndi mikono, choncho matani washa kunsonga kwa mwendo. Kakamakana kutembenuka, bowo lathina. Izi muziona kwambiri dzinja likafika, thabwa litafufuma ndi chinyezi. Musathire oyilo, chifukwa fumbi la m'chigwa chino cha Shire limamatirira n'kusanduka phala. Pakani nsonga ya pensulo pamsomali ndi pawasha. Vanishi mupake mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe. Mukapaka mbali imodzi yokha thabwa limapindika. Ana aziponya kampira kamodzi, adikire katuluke, ndiye aponye kena.

Mwana wanga wamkazi akuti kuli makina a mabokosi a machesi omwe amaphunzira okha masewera. Ine sindikukhulupirira. Mayi wa ku Bangula.

Mayi, mtsikanayo akunena zoona. Katswiri wa sayansi Donald Michie wa ku Edinburgh, ku Scotland, anapanga makina otere mu 1961 ndi mabokosi 304, ndipo mu 1962 Martin Gardner, wolemba nkhani za masamu wa ku America, anaonetsa ena a mabokosi 24 okha. Anu angokhala asanu ndi atatu.

Masewera ake ndi awa: pansi pali miyala 10, osewera awiri amasinthana kutola umodzi, iwiri kapena itatu, ndipo wotola mwala womaliza ndiye waluza. Makina ndiwo amayamba. Lembani pamabokosi manambala 10, 8, 7, 6, 5, 4, 3 ndi 2. M'bokosi lililonse ikani mikanda itatu: wofiira kutanthauza "tola umodzi", woyera "iwiri", wakuda "itatu". Bokosi la 2 lisakhale ndi wakuda. Yonse ikwana 23. Chimanga ndi nyemba zingagwire ntchito tsiku limodzi, koma kuzisunga ndi kuitana anankafumbwe.

Ikafika nthawi ya makina, werengani miyala yotsala, gwedezani bokosi la nambalayo, tulutsani mkanda umodzi osayang'ana, chitani zomwe wanena, n'kuusiya pamwamba pa bokosilo. Makina akapambana, mikanda yonse ibwerere. Akaluza, mkanda womwe anasewera komaliza uchotsedwe, inayo ibwerere. Mukapeza bokosi lopanda kanthu, makina agonja, ndipo muchotse mkanda womwe unawafikitsa pamenepo. Pakutha pake amazolowera kusiyira mnzawo miyala 9, kenaka 5, kenaka umodzi, ndipo sagonjanso. Chomwe chimasokoneza ambiri ndi kuwamvera chisoni makinawo. Amaphunzira pokhapokha akaluza, choncho mwanayo azisewera ndi nzeru zake zonse.

M'bale wanga wanditumizira Digi-Comp I yakalekale kuchokera kunja. Kuno ku Nchalo ndiisunge bwanji?

Bambo, mdani wamkulu ndi kutentha. Pulasitiki yake ndi polystyrene, ndipo ya zaka zoposa 60 imathetheka msanga. Mu Okutobala ndi Novembala, pomwe chigwa chimafika madigiri 40, musaisiye pawindo, m'galimoto kapena pafupi ndi denga la malata. Mbali zotsetsereka zikapindika pang'ono chabe, makina amayamba kulakwitsa. Muzitsuka ndi madzi ozizira a sopo ndi kaburashi kofewa. Petulo ndi thinner zimasungunula pulasitikiyi. Ngati ili ndi timalamba tamphira, muzitichotsa posunga, chifukwa timauma n'kumatirira. Dzimbiri la pa timawaya mulipale ndi sandipepa yosalala kwambiri.

Katoni yake ndi kabuku ka malangizo musataye, osonkhanitsa zinthuzi amazifuna ngati makina enieniwo, ndipo chiswe chimayambira pamenepo. Ikani zonse m'chitini chotsekeka bwino, pamalo okwera omwe madzi osefukira sangafike, ndipo timachubu ting'onoting'ono tomwe amaikira pulogalamu mutisunge m'kabotolo kakekake.