Mwana wanga anangodikira panja ndi njinga, bwanji akumuyika pa gulu la akuba?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, mwana wanga wa zaka 22 amapanga kabaza wa njinga yamoto ndiye sabata yathayi apolisi anadzamutenga m'bandakucha akuti anali nawo pa gulu la anyamata amene anathyola shopu ina mtauni usiku, mlonda anamumanga ndi zingwe n'kumumenya, anatenga mafoni ndi ndalama. Iyeyo akulumbira kuti sanalowe mkatimo, anangonyamula anyamata awiri, n'kudikira pamsewu kenako n'kukawatula ku Luwinga ndi zikwama zawo, anangolandira ya ulendo basi. Chinanso mlongo wake anagula foni motchipa kwa mmodzi wa anyamatawo. Kodi munthu woti chitseko sanachikhudze angamangidwe ngati wakuba? Ndithandizeni, tulo sindikutipeza.
Mayi wodandaula, Chibavi

YANKHO: Mayi pepani kwambiri, koma ndikuuzani mosapsatira chifukwa kukunamizani sikungamuthandize mwanayo. Inde angamangidwe. Mu Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, gawo 21 limati wolakwa si yekhayo amene wachita chinthucho ndi manja ake ayi, amene wathandizira kuti chitheke, amene walangiza kapena kutuma anzake, onsewo mlandu ndi umodzi. Gawo 22 likuwonjezera kuti anthu akagwirizana kukachita zoipa ndiye pochita zomwezo pachitika china choti aliyense akanayembekezera, monga kumenya mlonda, onse amatengedwa kuti achichita. Woyang'anira njira, woyendetsa, wosunga katundu, lamulo silifunsa kuti unayima pati.

Ndiye pamene pali mpata wa mwana wanu ndi apa: kodi ankadziwa? Wakabaza amanyamula aliyense, sangamafunse munthu aliyense kuti mchikwamamo muli chani, ndipo ndi udindo wa boma kutsimikizira khoti popanda chikayiko kuti iyeyu ankadziwa zimene zikukachitika. Koma a majisitireti amayang'ana tinthu ting'onoting'ono, inali nthawi yanji, anamuimbira kangati pa foni masana ake, anawona zikwanje kapena chitsulo chothyolera loko, anazimitsa magetsi a njinga pamene amadikira, anamulipira zingati poyerekeza ndi mtengo wa masiku onse wochoka mtauni kupita ku Luwinga, ndipo kutacha anauza ndani. Ngati analandira ndalama yoposa kwambiri ya ulendo wamba zimenezo zidzamuvuta kufotokoza. Mukapita kukamuwona mufunseni zimenezi modekha, akuuzeni zoona inuyo ndi loya.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mlonda uja. Kuba wamba pa gawo 278 chilango chake sichipitirira zaka 5, kuthyola shopu n'kuba mkatimo pa gawo 311 ndi zaka mpaka 10, koma pakangolowa kuwopseza kapena kumenya munthu mlandu umasanduka wakuba mwaupandu, gawo 300 ndi 301, zaka mpaka 14. Ndiye akubawo akakhala awiri kapena kuposa, kapena ali ndi chida, kapena avulaza munthu, lamulo limalola mpaka moyo wonse kundende ngakhale chilango cha imfa. Musakomoke nazo, Malawi sananyongepo munthu chichokereni 1992 ndipo pa milandu yotereyi makhoti kawirikawiri amapereka zaka, amaganiziranso zoti munthu ndi wachinyamata, ndi koyamba kulakwa, wavomera msanga kapena katundu wapezeka. Koma mukuwona nokha kuti kungokhala pa gulu kumaukulitsa mlandu. Ndipo ine ndimati lamuloli lili bwino, mlonda ujanso ali ndi ana kunyumba, amagona panja ndi chisanu cha ku Mzuzu chija pa malipiro ochepa kwambiri, anthu asanu akamugwera alibe podzitetezera.

Ena mumawona mavidiyo a ku America pa TikTok anthu akulowa chigulu mu shopu masanasana n'kukokolola zinthu. Ku California anachita kupanga lamulo lapadera la kuba m'mashopu mogwirizana mu 2018, ndipo mu November 2024 anthu anavota kuti zilango za kuba mobwerezabwereza zikhwime. Ife kuno magawo ndatchulawa amakwana kale, ngakhale kupangana kokha kuti mukabe ndi mlandu pa gawo 404. N'chimodzimodzi zotola katundu pa zionetsero monga zinachitikira pa 20 July 2011 mashopu atathyoledwa kuno ku Mzuzu, kunena kuti aliyense amatenga sikupulumutsa munthu kukhoti.

Za foni ya mlongo wakeyo musazengereze. Gawo 328 limati kulandira kapena kusunga katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa choganizira kuti ndi wakuba, ndi zaka mpaka 14. Foni yatsopano yopanda lisiti, yopanda bokosi, pa mtengo wogwa chonchija, khoti lidzafunsa kuti iyeyo sanadabwe bwanji. Asayitaye m'chimbudzi, asayigulitse, foni iliyonse ili ndi nambala yakeyake yoyizindikirira yotchedwa IMEI ndipo apolisi amatha kuyilondola akangoyikamo simu. Ayipereke yekha kupolisi, makamaka atalankhula kaye ndi loya, afotokoze anagula kwa ndani ndipo pa zingati.

Pomaliza ufulu wa mwana wanu. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ali ndi ufulu wokhala chete, wopeza loya komanso wopempha belo, ndiye ngati sabata yatha asanapite kukhoti nenani zimenezo kwa loya tsiku lomwelo. Muuzeni mwanayo asasayine sitetimenti imene sanayiwerenge kapena kumuwerengera m'chilankhulo chimene amamva. Ngati ndalama ya loya palibe pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ya ku Mzuzu konkuno, mutenge makalata a njingayo ndi mayina a anzake a pasiteji amene anawona anyamatawo akumuyitana. Wina akabwera kuti mupereke kangachepe fayilo isowe mukaneni, belo ya kupolisi ndi yaulere ndipo kupereka chiphuphu ndi mlandu wina umene ungakugwereni inuyo.