Tifunseni: Kodi Malo a M'nkhani ya Chidole Cholankhula Alipodi?

Funso: Akonzi, ndinaonera filimu yakale yotchedwa Magic, yonena za bambo wina wolankhulitsa chidole amene anatchuka m'kalabu ya nthabwala, kenako n'kuthawira kumalo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, kumene anayamba kupha anthu ponena kuti chidolecho ndicho chikumutuma. Mlamu wanga akuumirira kuti malowo alipodi, ndipo akuti anatsekedwa chifukwa cha zoopsa zomwezo. Kodi zoona zake n'ziti? Ndine bambo wa ku Monkey Bay.

Yankho: Bambo, auzeni alamu anuwo mwaulemu kuti palibe munthu amene anaphedwa, ndipo palibe malo ogona alendo amene anatsekedwa chifukwa cha chidole. Nkhaniyi ndi yopeka. Inayamba ngati buku limene William Goldman analitulutsa mu 1976, ndipo mu 1978 Richard Attenborough analisandutsa filimu, m'mene Anthony Hopkins anasewera ngati Corky, mwini chidoleyo, komanso ndiye ankalankhula mawu a chidole chotchedwa Fats. Ngakhale nyanja imene munaionayo si ya kumene nkhaniyo imanena: nkhani imati zikuchitikira kumapiri a Catskill m'chigawo cha New York, koma zithunzi za panja anakazijambula kumpoto kwa California, kutsidya lina la dziko la America.

Komabe alamu anu sanasochere kwambiri, pakuti wolembayo anaumba malo akewo ndi dothi lenileni. Mapiri a Catskill ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda wa New York, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1920 mpaka m'ma 1960 derali linali lodzaza ndi mahotela pafupifupi 500, kuphatikizapo timidzi tambirimbiri ta tinyumba tochita lendi m'nyengo yotentha. Ambiri mwa alendo ake anali mabanja a Ayuda a mumzindawo, amene mahotela ena ambiri a nthawi imeneyo ankawakana chifukwa cha tsankho, motero anadzimangira malo awoawo opumulirako. Chifukwa alendowo ankakhala masabata angapo ndipo usiku uliwonse ankafuna chowasangalatsa, mahotelawo anasanduka sukulu ya anthabwala. Mel Brooks, Jerry Lewis, Sid Caesar ndi Jackie Mason onse anadutsira kumeneko asanatchuke, ndipo oimba, ochita zamatsenga a pansanja ndi olankhulitsa zidole ankayenda hotela ndi hotela kufunafuna ganyu.

Chimene chinathetsa malowa si mizimu ayi. Maulendo a pandege atatsika mtengo, anthu anayamba kupita kutali monga ku Florida ndi ku Ulaya. Makina oziziritsa m'nyumba atafala, panalibenso chifukwa chothawira kumapiri m'miyezi yotentha. Ndipo tsankho litachepa, ana a alendo akale aja anayamba kulandiridwa kulikonse. Hotela yotchuka ya Grossinger's inatsekedwa mu 1986, Concord, imene inali m'mphepete mwa nyanja ya Kiamesha ndipo inali ndi zipinda zoposa 1,000, inatsekedwa mu 1998, pamene Kutsher's inalimbikira mpaka 2013. Pofika nthawi imene Goldman ankalemba buku lake, mahotela ang'onoang'ono ambiri anali atagwa kale, ndipo owerenga a ku America sankafunika kuuzidwa chifukwa chimene tinyumba ta m'nkhanimo tinalibe alendo. Pa nthawi yomweyonso nthabwala zinali zitasamukira m'makalabu a m'tauni, monga The Improv imene Budd Friedman anatsegula ku New York mu 1963, ndi The Comedy Store imene inayamba ku Los Angeles mu 1972. M'malo oterewa munkakhala usiku wa ophunzira, pamene munthu wosadziwika ankapatsidwa mphindi zochepa kuti ayese mwayi wake pamaso pa anthu amene akumwa ndi kucheza zawo, ndipo n'chimodzimodzi chimene chikumuchitikira Corky kumayambiriro kwa filimuyo, pamene akulephera mochititsa manyazi asanakhale ndi chidole.

Ife tikuona kuti malo awiriwa, kalabu ndi kunyanja, wolemba anawasankha kuti agwire ntchito imodzi. M'kalabu, munthu wolankhula ndi chidole saoneka wodwala, chifukwa anthu alipira kuti aone zimenezo, ndipo chidole chikatukwana mwini wake kapena kunyoza alendo, onse amaseka n'kuwomba m'manja. Corky ndi munthu wamanyazi amene satha kuyang'ana anthu kumaso, koma akanyamula Fats amalankhula zonse zimene payekha sangayerekeze, ndipo kalabuyo imamulipira chifukwa cha kugawanika kumeneku, mwakuti palibe amene ali ndi chifukwa chomufunsa ngati ali bwino. Akafika kunyanja, nsanja kulibe, oonerera kulibe, malipiro kulibe, koma mawu aja akupitirirabe m'kanyumba kamatabwa usiku. Apa ndi pamene woonera amazindikira kuti zimene ankaseka kumayambiriro zija sizinali sewero. Kumbukirani chimene chinamuthawitsa m'tauni: a wailesi yakanema amene ankafuna kumulemba ntchito anati ayambe wapimidwa ndi dokotala, iye n'kuchita mantha. Kumbukiraninso gawo limene mkulu womupezera ntchito, Ben Greene, amene anaseweredwa ndi Burgess Meredith, akumutsatira kunyanjako n'kumupempha chinthu chimodzi chokha, chakuti achititse chidolecho kukhala chete kwa mphindi zisanu. Kwa ife limeneli ndilo gawo loopsa kuposa onse, ngakhale kuti mulibe magazi, pakuti munthu wamkulu akutuluka thukuta polephera kutseka pakamwa pa mtengo wosema. Nyanjayo payokha ili ndi ntchito yosavuta kuiona: imabisa mtembo kwa kanthawi, ndipo aliyense amene anakhalapo kunyanja, ngati inuyo bambo, amadziwa kuti madzi sasunga chinsinsi mpaka kalekale.

Funso: Ana a m'kalasi mwanga anaona pa intaneti munthu akulankhulitsa chidole milomo yake ili yotseka, ndipo ena akunena kuti ndi ufiti. Ndiwafotokozere bwanji? Ndipo n'chifukwa chiyani zidole zimenezi zimachititsa mantha ngakhale akuluakulu? Ndine mayi wophunzitsa kusukulu ya pulaimale ku Chipata.

Yankho: Aphunzitsi, ana anuwo sali okha pa maganizo amenewo, chifukwa Agiriki akale ankakhulupirira kuti anthu otere ali ndi mzimu wolankhula m'mimba mwawo, ndipo mumzinda wa Athens munali munthu wotchedwa Eurycles amene anatchuka ngati wolosera mwa njira imeneyi. Mu 1772 wansembe wina wa ku France, de la Chapelle, anatulutsa buku lonse losonyeza kuti ndi luso la pakhosi ndi lilime basi. Chidole chimodzi chokhala pabondo, chimene tikuchidziwa lero, chinafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kudzera mwa Fred Russell wa ku London ndi chidole chake Coster Joe.

Mawu samachoka m'mimba, ndiponso saponyedwa kwina kulikonse. Amatuluka m'kamwa mwa munthuyo monga mwa masiku onse. Iye amatsegula milomo pang'ono chabe, nsagwada osazigwedeza, n'kusiyira lilime ntchito yonse. Vuto lili pa zilembo zimene zimafuna milomo, zomwe ndi b, p, m, f, v ndi w, ndipo pamenepa amabera pogwiritsa ntchito zilembo zoyandikana nazo: d m'malo mwa b, t m'malo mwa p, n m'malo mwa m. Auzeni ana ayese kunena kuti “ndikudya nsima ndi ndiwo” atagwira kalilole, aone kuti mbali yaikulu ikutheka milomo ili phee, kupatula pa “ma” ndi pa “wo”. Kenako ayese kunena “pepani bambo” aone mmene zivutire. Dzanja la munthuyo limalowa kumsana kwa chidole n'kugwira ndodo imene yanyamula mutu, ndipo pandodopo pamakhala tizitsulo kapena zingwe zotsegulira kamwa ndi kutembenuzira maso. Zotsalazo zimachitika m'mutu mwa woonera, chifukwa khutu la munthu silidziwa bwinobwino kumene mawu akuchokera, choncho ubongo umakhulupirira diso n'kupereka mawuwo kukamwa kumene kukugwedezeka. N'zomwezo zimene zimachitika tikamaonera wailesi yakanema, pamene timamva ngati mawu akutuluka pamilomo ya wowerenga nkhani pomwe akuchokera m'sipika ya pambali.

Tiwonjezere kuti milomo si ndiyo mtima wa lusoli. Edgar Bergen ndi chidole chake Charlie McCarthy anakhala pa wailesi ya mawu okha ku America kuyambira mu 1937 mpaka mu 1956, kumene palibe amene ankaona ngati milomo ikugwedezeka, koma anthu ankamvetserabe chifukwa cha mkangano wa anthu awiri osiyana khalidwe, wina waulemu, wina wamwano. Amene anakula akuonera Izeki ndi Jakobo akudziwa mmene nthabwala za anthu awiri zimayendera, wina akuyesa kukonza zinthu, mnzake akusokoneza. Kusiyana kwake n'kwakuti wolankhulitsa chidole amakhala anthu awiriwo payekha. Kuno kum'mwera kwa Africa ana angaone chitsanzo kwa Conrad Koch wa ku South Africa, amene chidole chake Chester Missing chinatchuka pofunsa andale mafunso amene atolankhani ankaopa kufunsa.

Za mantha, katswiri wa ku Japan wopanga makina ooneka ngati anthu, Masahiro Mori, analemba mu 1970 kuti chinthu chikafanana kwambiri ndi munthu koma osafikapo penipeni, mtima wathu umachikana m'malo mochikonda. Chidole chotere chili ndi maso oyang'anitsitsa, kumwetulira kosasintha ndi chibwano chogwa ngati cha mtembo, ndipo chikasiyidwa pampando chimakhala ngati munthu amene wakomoka maso ali otsegula. Opanga mafilimu anaona zimenezi kalekale, kuyambira pa The Great Gabbo ya mu 1929 ndi Dead of Night ya ku Britain ya mu 1945. Koma anawo auzeninso kuti mu 2017 mtsikana wa zaka 12, Darci Lynne, anapambana mpikisano wa America's Got Talent ndi luso lomweli, ndipo palibe amene anamuyesa mfiti.

Funso: Ndikufuna kulemba nkhani yoopsa ya mtundu umenewu, koma yochitikira m'mphepete mwa nyanja yathu ya Malawi. Kodi nditchule dzina la loji yeniyeni kuti owerenga akhulupirire? Ndine mnyamata wophunzira kukoleji ku Zomba.

Yankho: Achimwene, musatero. Loji yeniyeni ili ndi eni ake ndi antchito amene amadyera pomwepo, ndipo monga mwaonera pa funso loyamba lija, pali owerenga amene satha kulekanitsa nthano ndi mbiri. Mawa mudzamva kuti alendo akuopa chipinda chakutichakuti, eni akewo n'kukutengerani kukhoti. Pekani dzina lanu, mufufuze kuti palibe malo otchedwa choncho, kenako muliike pakati pa zinthu zenizeni. Owerenga sakhulupirira chifukwa cha dzina la pachikwangwani. Amakhulupirira akamva mphepo ya mwera ikuwomba m'miyezi yozizira mpaka asodzi kuleka kulowa m'madzi, akaona nyali za ogwira usipa zitandandalika usiku, akamva jenereta ikuzima pakati pa chiganizo, kapena akaona msewu wafumbi wochoka pamsewu waukulu utadulidwa ndi mvula ya mu February, pamene alendo ndi ochepa ndipo antchito ena atumizidwa kwawo. Nyengo yopanda alendoyi ndiyo muigwiritse, chifukwa loji yodzaza ndi anthu ili ndi mboni zambiri.

Chimene chidzakuvuteni ndi mbali ya kalabu. Kwathu kuno anthabwala amasewera kwambiri m'maholo a mahotela, m'maukwati, m'misonkhano ya makampani ndi pa wailesi, choncho musakokere kalabu ya ku New York n'kuiika ku Limbe. Munthu wanuyo angakhale woyendetsa mwambo wa ukwati amene chidole chake chimanyoza ankhoswe pa nthawi ya perekaniperekani, anthu n'kumaponya ndalama mowirikiza chifukwa cha mwano womwewo. Muganizirenso bwino za ufiti, pakuti owerenga athu ambiri adzathamangira kunena kuti chidolecho n'chokhwimira, ndipo mukavomereza zimenezo m'mutu woyamba, nkhani yanu yatha mphamvu, chifukwa aliyense adzangodikira kuti sing'anga kapena m'busa afike. Asiyeni anthu a m'nkhanimo akangane okha: mlonda anene kuti ndi mankhwala, mwini loji anene kuti ndi mowa, namwino wa pachipatala chapafupi anene kuti munthuyo akudwala ndipo akufunika thandizo. Pomulemba wodwalayo musamusandutse chilombo, chifukwa anthu ambiri amene ali ndi matenda a maganizo sapweteka aliyense, ndipo ena mwa owerenga anu ali ndi abale otere kunyumba. Mukamaliza mutu woyamba, tumizani kuno masamba osapitirira khumi, otayipa bwino, tidzauwerenge.