Yankho pa funso la mudzi wa m'nyumba imodzi ku Borneo

Bambo, mwafunsa ngati ndi zoona kuti kuli midzi ya anthu otchedwa Dayak komwe mudzi wonse umagona pansi pa denga limodzi, ndiponso mwadabwa kuti zitheka bwanji kuti anthu olima motentha tchire akhale akadali ndi nkhalango yowirira. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ine ndimaziona ngati nkhani imodzi. Ndiyankha potengera mudzi wa Sungai Utik, chifukwa mbiri yake ndi yodziwika bwino.

Choyamba, dzina lakuti Dayak likuphatikiza mitundu yambiri ya eni nthaka a chilumba cha Borneo, monga Iban, Kayan, Kenyah, Bidayuh ndi Ngaju, ndipo uliwonse uli ndi chiyankhulo chake. Chilumbachi anagawana mayiko atatu, Indonesia, Malaysia ndi Brunei. Sungai Utik ndi mudzi wa anthu a mtundu wa Iban, uli mbali ya Indonesia, m'boma la Kapuas Hulu m'chigawo cha West Kalimantan, kufupi ndi malire a Sarawak, chigawo cha Malaysia. Mawu akuti sungai amatanthauza mtsinje, choncho mudziwu unangotenga dzina la kamtsinje kamene kamadutsa pamenepo. Dera lonselo ndi kumtunda kwa Kapuas, mtsinje wautali kuposa yonse mu Indonesia, wa makilomita 1,143. Ndikonze pang'ono maganizo akuti mudziwu ndi wosafikika: masiku ano pali msewu wochokera ku tauni ya Putussibau, ngakhale kuti midzi ina ya kumtunda kwenikweni imafikikabe pa bwato basi, podutsa m'mathithi momwe nthawi zina anthu amatsika n'kumakoka bwatolo ndi manja.

Nyumbayo amaitcha rumah panjai, kutanthauza nyumba yaitali, ndipo ya ku Sungai Utik imapitirira mamita 200. Inamangidwa m'mwamba pa nsanamira za mtengo wolimba kwambiri wotchedwa ulin kapena belian, umene suwola msanga ngakhale pa chinyezi cha kumeneko. Munthu akakwera makwerero amafika pa khonde lalikulu lofoleredwa, lotalika kuyambira kumapeto kuno mpaka uko, lotchedwa ruai. Mbali imodzi ya khondeli kuli zitseko zondondozana, ndipo kuseri kwa chitseko chilichonse kuli bilik, malo a banja limodzi okhala ndi pogona pake, mafuwa ake, mbewu yake ya mpunga ndi mitsuko yakale yosiyidwa ndi makolo. Mbali inayo kuli tanju, thandala losafolera pomwe amayanika mpunga ndi zovala. Apa ndi pomwe alendo ambiri amasokonezeka, poganiza kuti anthuwa alibe cha mwini. Banja lililonse limadya zake ndipo ndi lomwe limakonza gawo la khonde loyang'anizana ndi chitseko chake, koma pa khondelo aliyense amayendapo, amalukirapo mphasa, amasokerapo ukonde ndi kucherezapo madzulo.

Chifukwa chake ndikuti nyumba ndi nkhalango ndi nkhani imodzi ndi ichi. Pa ruai ndi pomwe mtsogoleri wa nyumba, tuai rumah, amakhazika anthu pansi kuti akambirane komwe alime chaka chimenecho, ndi pomwe milandu imazengedwa motsata malamulo a makolo otchedwa adat, ndi pomwenso wolakwa amalipira chindapusa anthu onse akuona. M'nyumba yotere munthu sangagulitse mitengo mwamseri, pakuti wobwera kudzamunyengerera ayenera kudutsa pa zitseko za anzake onse, ndipo ndalama yachilendo ikalowa m'chipinda chimodzi imadziwika dzuwa lisanalowe.

Tsono za ulimi. Amalima mpunga wa kumtunda, wosafuna dambo. Banja limaswa mphanje, mitengo ndi zitsamba zikauma amazitentha atalambula m'mphepete kuti moto usalumphe, kenaka amuna amayenda patsogolo akuboola nthaka ndi ndodo zosongoka, amayi akutsatira pambuyo kuponya njere m'maenjemo. Akakolola, mundawo amaugoneka zaka zingapo mpaka utasandukanso tchire, ndipo kawirikawiri amabwerera ku matsala akale omwewo m'malo mogwetsa nkhalango yomwe sinakhudzidwepo. A ku Sungai Utik anagawa dziko lawo m'zigawo: pali nkhalango yosaloledwa kudulamo mtengo, makamaka komwe kumachokera madzi, pali yosungira mtsogolo, ndipo pali ina yomwe munthu angatengemo matabwa omangira, koma mwa muyezo umene mudzi unagwirizana. Palinso malo omwe kale panali nyumba zaitali za makolo, amene tsopano ndi minda ya zipatso monga durian ndi mitengo ya tengkawang, yomwe mtedza wake amafinyamo mafuta. Malo amenewa amawalemekeza mofanana ndi momwe ife timaopera kutola nkhuni ku nkhalango ya kumanda.

Zimene zinatha nkhalango zambiri za Borneo ndi zina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 boma la Indonesia linkapereka zilolezo zodula mitengo ku makampani akuluakulu ngati kuti m'nkhalangomo simukhala anthu, ndipo ulamuliro wa pulezidenti Suharto utagwa mu 1998 kudula kopanda chilolezo kunafika posauzana m'madera a m'malire, matabwa akuwolokera ku Sarawak. Pambuyo pake kunabwera minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta. Midzi yambiri inalandira ndalama, ndipo sindingaiweruze, chifukwa sukulu ndi mankhwala zimafuna ndalama kulikonse. A ku Sungai Utik anakana kambirimbiri, motsogozedwa ndi tuai rumah wawo, Bandi Anak Ragai, amene amadziwika kuti Apai Janggut, dzina lonena za ndevu zake zazitali. Kukanako kunali ndi mtengo wake, popeza anakhala akuona anansi awo akugula zinthu zomwe iwo analibe.

Chomwe chinkawasowa chinali pepala. Malamulo a dzikolo ankati nkhalango ya makolo ndi gawo la nkhalango ya boma, mpaka mu May 2013 pomwe khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu womwe unabwera ndi bungwe la eni nthaka la AMAN, linagamula kuti sizili choncho. Ngakhale chigamulo chinatuluka, mudzi uliwonse unayenera kuyamba wavomerezedwa ndi boma la dera lake ndi kuonetsa mapu a malire ake, ndipo a ku Sungai Utik anadikira mpaka 2020 kuti alandire chikalata cha mahekitala 9,480. Ulemu wa kunja unafika msanga kuposa chikalatacho, chifukwa mu 2019 analandira mphotho ya Equator Prize yochokera ku bungwe la UNDP. Mu 2023 Apai Janggut anali mmodzi mwa anthu atatu omwe anagawana mphotho ya Gulbenkian Prize for Humanity ku Portugal.

Pa nkhani ya moto pali mkangano weniweni umene sindiubisa. Lamulo la zachilengedwe la 2009 limalola banja kutentha mpaka mahekitala awiri motsata mwambo, koma utsi utakuta derali mu 2015 ndi mu 2019, makamaka kuchokera ku madambo ouma omwe anakhetsedwa madzi, alimi ang'onoang'ono anali osavuta kugwira. Ku Sintang, m'chigawo chomwecho, alimi asanu ndi mmodzi anazengedwa mlandu wotentha minda yawo, ndipo khoti linawapeza osalakwa mu 2020.

Musawaone ngati anthu otsalira m'nthawi yakale. Ambiri ndi Akhristu, ana amapita ku sukulu, achinyamata ali ndi mafoni, ndipo ena amapita kukagwira ntchito ku Malaysia kapena ku mzinda wa Pontianak n'kumabwera pa Gawai, chikondwerero cha zokolola, pomwe khonde lonse limadzaza ndi alendo ndi mowa wa mpunga wotchedwa tuak. Kuchoka kwa achinyamataku ndi komwe kumandidetsa nkhawa kuposa makampani, chifukwa malamulo a nkhalango amagwira ntchito pokhapokha pa khonde pali anthu. Mwambo wa Iban unaliona kale vutoli: banja likachoka nthawi yaitali, mafuwa a m'chipinda chake sayenera kuzizira, ndipo wachibale wotsala amalowamo nthawi ndi nthawi kukasonkha moto, kuti banjalo liziwerengedwabe pakati pa eni nyumba.