Akamati akukonzanso pakati pa mzinda, akukonzera yani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mbale wathu wina wa ku Mangochi amene wakhala ku Hillbrow, mumzinda wa Johannesburg, kwa zaka 7. Akuti nyumba yosanja imene amachitamo lendi yagulidwa, ndipo eni ake atsopano akufuna kuikonza. Funso lawo nali: "Tikumva kuti tauni yonse ikukonzedwanso, anthu andalama akubwerera. Kodi akatswiri ofufuza za mizinda amati zimenezi zimatithandiza anthu ngati ife, kapena tiyambe kulongedza katundu?"

Achimwene, musalongedze kaye. Koma musagonenso tulo.

Mu 1982 akatswiri ena a ku Ulaya, motsogozedwa ndi Leo van den Berg, anafotokoza kuti mzinda umakula ngati munthu, m'misinkhumisinkhu. Poyamba anthu amakhamukira m'tauni kukasaka ntchito. Kenako opeza bwino amasamukira m'mphepete, pakati nkuyamba kufota. Patapita zaka, anthu amabwereranso pakati paja. Kubwererako ndi kumene mukufunsa, ndipo mzinda umene ofufuza amakonda kuutchula ndi Leipzig, ku Germany. Khoma la Berlin litagwa mu 1989, mafakitale ambiri a kumeneko anatsekedwa ndipo m'zaka khumi mzindawo unataya anthu pafupifupi 100,000. Nyumba zambirimbiri zinangotsala zopanda munthu. Lero anthu a mumzindawo aposa 600,000. Chimene chimandisangalatsa pa nkhani ya Leipzig ndi nzeru imene bungwe la HausHalten linayambitsa mu 2004: nyumba yakale ikasowa wokhalamo, ankapezera anthu oigwiritsa ntchito osalipira lendi, iwo nkumalipira madzi ndi magetsi, kumata denga likamadontha ndi kuilondera. Anazindikira kuti nyumba imagwa msanga ikakhala yokha.

Koma Johannesburg si Leipzig, ndipo apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amati mzindawu "unafa". Pakati pa Johannesburg sipanakhalepo popanda anthu. Chimene chinathawa ndi ndalama. Makampani anasamukira ku Sandton, dera la kumpoto kwa mzindawu, hotela ya Carlton inatsekedwa mu 1998, msika wa masheya nawo unachoka mu 2000. Nthawi yomweyo, lamulo latsankho losankhira anthu malo okhala litathetsedwa mu 1991, anthu akuda anali akulowa mwaunyinji: a m'malokeshoni, a kumidzi, a ku Zimbabwe, Mozambique, Congo, ndi athu a ku Malawi. Ndiye munthu akamati "anthu akubwerera m'tauni", mufunseni kuti nanga amene akhalamo zaka zonsezi, ogulitsa ndiwo m'misewu, osoka, olondera, ometa, si anthu kodi?

Eni nyumba ena anangozisiya, osalipiranso misonkho ya khonsolo. Madzi ndi magetsi zinadulidwa, zigawenga nkulanda nyumbazo, kumatolera lendi kwa amphawi. Mapeto ake tinawaona usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ya Usindiso, pa Albert Street ku Marshalltown, inapsa ndipo anthu 76 anafa. Amalawi analipo pakati pa omwalirawo, ndipo nkhaniyi imandiwawabe mtima. M'katimo munali tizipinda ta matabwa togawagawa, njira zothawira zili zotsekeka. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda, ndipo komiti yofufuza imene anaitsogolera Jaji Sisi Khampepe inapeza mu 2024 kuti khonsoloyo inkadziwa mmene zinthu zinalili koma sinachitepo kanthu. Choncho musandimve ngati ndikuti nyumba zisakonzedwe. Kusiya nyumba ili choncho nkupha anthu.

Nkhani yagona pa kakonzedwe kake. Taonani Maboneng, dera lina la pakati pa Johannesburg. Kuyambira 2009 nyumba zakale zosungiramo katundu zinasanduka malo odyera, mashopu ndi mafulati okongola, alendo nkumabwera kudzajambula zithunzi. Koma mitengo yake sinali ya mayi wogulitsa tomato, ndipo kampani imene inayambitsa ntchitoyo, Propertuity, inagwa mu 2018. Tsono yerekezani ndi Johannesburg Housing Company, imene inayamba mu 1995. Iyo imagula kapena kumanga nyumba pakati pa mzinda pomwepo nkumazichititsa lendi kwa anthu olandira malipiro ochepa, monga ku Brickfields ku Newtown. Kwanu komweko ku Hillbrow, kuyambira 2004, eni nyumba, osamalira nyumba ndi okhalamo anagwirizana pansi pa dzina la eKhaya kuti azisesa tinjira ta pakati pa nyumba ndi kulimbitsa chitetezo. Sizionekera patali ngati Maboneng, koma ine ndimati kukonza kokhalitsa nkumeneku. Nyumba yakale ikakonzedwa, simenti ndi zitsulo zomangira ina zapulumuka. Wantchito akagona pafupi ndi ntchito yake, ndalama ya takisi imasanduka ufa. Mukamuthamangitsira kutali, mwakongoletsa msewu umodzi nkubala zisakasa kwina.

Tsono za nyumba yanuyo. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limati palibe munthu amene angatulutsidwe m'nyumba popanda chilolezo cha khothi. Limati munthu, silinena kuti nzika yokha. Pa mlandu wa Olivia Road mu 2008, khothi lalikulu loona za malamulowa linagamula kuti khonsolo iyenera kukambirana moona mtima ndi anthu isanawachotse. Pa mlandu wa Blue Moonlight mu 2011 linawonjezera kuti ngakhale wotulutsayo akhale mwini nyumba wamba, khonsolo iyenera kupezera pogona pongoyembekezera anthu amene angasowe kolowera. Kunena zoona malo oterowo ndi ochepa ndipo anthu amadikira nthawi yaitali, koma lamulolo lilipo ndipo lapulumutsa mabanja.

Sungani pepala la mgwirizano wa lendi ndi malisiti onse, muwajambulenso pa foni. Funsani eni atsopanowo, polemba kalata, kuti lendi idzakhala zingati akamaliza kukonza, ndiponso ngati okhalamo pano adzaloledwa kubwerera. Musapite nokha, sonkhanani ndi anzanu a m'nyumbamo, Amalawi ndi eni dziko omwe, musankhe komiti. Akakudulirani madzi kapena kusintha maloko, kadandauleni ku Rental Housing Tribunal ya chigawo cha Gauteng, bwalo lomva madandaulo a za lendi, salipiritsa. Kukabwera mapepala a khothi, thamangirani ku SERI ku Braamfontein, bungwe la maloya limene lakhala likuimira anthu a m'nyumba zoterezi. Ndipo madzulo ano, musanagone, kayeseni chitseko cha masitepe othawira moto ngati chikutseguka. Mundilemberenso mmene eni nyumbawo akuyankhireni.