Za maselo a chiwindi amene azakhali afunsa

Azakhali, uthenga wanu ndaumva. Mukufunsa ngati zija mwaona pa Facebook, zoti chiwindi chikafooka amangothiramo maselo a chiwindi cha munthu wina, zingawathandize amalume. Njirayo ilipodi, si bodza, koma tamvani mmene imayendera.

Amatenga chiwindi cha womwalira chimene chaperekedwa, makamaka chija sichinayenere kumuika munthu chathunthu. Amachifewetsa ndi mankhwala otchedwa collagenase mpaka maselo atalekana, nkuwatsuka, nkuwerenga amoyo. Kenako amawalowetsa pang'onopang'ono mumtsempha waukulu wochokera kumatumbo kupita kuchiwindi, uja amati portal vein. Sathira ambiri ayi, pafupifupi 5 mpaka 10 peresenti ya maselo a chiwindi chonse, komanso mwa apo ndi apo, chifukwa akachuluka amatseka timitsempha, magazi nkuundana. Wodwala amamwa mankhwala monga tacrolimus kuti thupi lisakane maselowo, komabe maselo ambiri amafa, ndipo kawirikawiri phindu lake limazilala pakatha miyezi ingapo kapena chaka. Ku King's College Hospital ku London amachita zimenezi makamaka kwa ana obadwa ndi vuto m'chiwindi, kapena amene chiwindi chawo chaima mwadzidzidzi, kuti apirire podikira chiwindi chathunthu.

Tsono amalume nkhani yawo ndi ina. Mwati sikani yaonetsa zipsera, mimba yadzaza madzi. Chiwindi cha zipsera chimalimba gwa, maselo atsopano alibe poti agwire, zili ngati kudzala nthochi pathanthwe. Ndiye chonde, wina akabwera nkumati tumizani ndalama tikuchitireni zimenezi, musagulitse munda.

Chofunika nkudziwa chimene chikuwononga chiwindicho. Kuchipatala cha boma ku Mulanje pemphani awayeze hepatitis B, kachilombo kamene kamatupitsa chiwindi. Ikapezeka, pali tenofovir, piritsi limodzi patsiku, ndipo a m'nyumba nawonso akayezetse. Afunsenso za likodzo la m'matumbo, lija amapereka praziquantel. Pakafunika zambiri adzawatumiza ku Queens.

Kunyumbako, kachasu ndi mowa uliwonse asiyiretu. Mchere uchepe kwambiri m'ndiwo, ndi umene umasunga madzi m'mimbamo. Mtedza ndi chimanga cha chuku tayani. Brufen, diclofenac ndi mizu ya asing'anga asamwe.

Akasanza magazi, chimbudzi chikada bii ngati phula, kapena akayamba kusokonezeka nkumangogona masana, musadikire kuche. Pezani galimoto usiku womwewo.