Ngongole ya feteleza: chimanga chimachuluka, nanga ndalama?

Mayi wina wa ku Ntchisi wandilembera imelo. Akuti kalabu yawo ikufuna kutenga ngongole ya feteleza, ndiye akufunsa ngati angapezepo phindu. Mayi, mwandikhudza pabala.

Chaka china ine ndi mayi a kunyumba tinakongola matumba anayi kubungwe lina, awiri okulitsa, awiri obereketsa. Chimanga chinachita kubiriwira mpaka anthu odutsa ankaima n'kumaloza. Munda umene unkatipatsa ngolo ziwiri unatulutsa zisanu. Ndiye musamvere zoti feteleza wangongole sathandiza. Nthaka yathuyi inaguga, ndipo ikalandira chakudya pa nthawi yake imayankha.

Koma June atakwana anabwera mnyamata pa njinga yamoto, kope lili m'manja. Ndalama tinalibe, tinali ndi chimanga basi. Tinachinyamula kupita nacho kwa mavenda amene anapachika sikelo pamtengo wa mango, ndipo mudzi wonse unali pamzere womwewo, aliyense ndi ngongole yake. Mtengo unganene ndiwe pamenepo? February tinkagula chimanga chomwecho ndi ndalama zaganyu, mtengo utawirikiza. Mpaka lero zimandiwawa: tinakolola kwambiri kuposa kale lonse, koma ana ankadya kamodzi patsiku.

Ine ndimanena mosaopa kuti ngongole yobweza nthawi yokolola imalemeretsa venda. Wokongoza aliyense amadziwa kuti chimanga chimatsika mtengo kuyambira April, ndipo akamaumirira tsiku limenelo ndiye kuti za mlimi alibe nazo ntchito.

Palinso mvula. Akuluakulu akukumbukira SACA, imene inkakongoza alimi kudzera m'makalabu ndipo anthu ankabweza bwino zedi. Chilala cha 1992 chitagwa, ndale za matipate ambiri n'kulowererapo, anthu anasiya kubweza, ndipo mu 1994 ntchitoyo inapita ku Malawi Rural Finance Company. Mvula ikadula, ngongole siidula. Nanga feteleza amene timagula kunjayu? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba linakwera mtengo, pomwe ekala ndi yomwe ija. Za katapila ndiye musayandikireko n'komwe, ndaona anthu akulandidwa mbuzi ndi malata.

Ndiye mutenge?

Tengani, koma mufunse kaye zinthu izi pamaso pa kalabu yonse. Feteleza afika liti? Akafika mu January, mukane. Mubweza zingati zonse pamodzi, m'makwacha? Mnzanu akalephera, kodi mumulipirira ndinu? Ndipo tsiku lobweza likhale cha mu September, kapena akuloleni kubweza pang'onopang'ono. Akakana, dzalaninso soya kapena mtedza, womwe kwanuko umachita bwino, kuti ngongole ituluke mmenemo, chimanga chikhale m'nyumba. Ngati muli mu banki mkhonde, pa matumba anayi, limodzi mugule ndi masheya anu, mukongole atatu okha.